Kulondoloza ntchito ya aphungu: kujomba, mavoti ndi chuma chawo

Mu Ogasiti 2013, aphungu a nyumba ya malamulo ya dziko la Brazil anafunsidwa kuti agamule ngati mnzawo wina, Natan Donadon, anali woyenera kupitiriza kukhala phungu. Munthuyu anali kale m'ndende, khothi lalikulu la dzikolo litamupeza wolakwa pa mlandu wokhudza kuba ndalama za boma. Voti inali yachinsinsi, ndipo aphungu 233 okha ndi amene anavomereza zomuchotsa pamene malamulo ankafuna mavoti 257, choncho mkaidi anakhalabe phungu. Anthu atapsa mtima, malamulo anasinthidwa chaka chomwecho kuti voti yotere izichitika poyera, ndipo nkhaniyi itabwereranso m'nyumbamo mu Febuluwale 2014, aphungu 467 anavomereza zomuchotsa popanda ndi mmodzi yemwe wotsutsa. Nyumba inali yomweyo ndipo mlandu unali womwewo, kungoti ulendo wachiwiriwu dzina la phungu aliyense linkaoneka pambali pa voti yake.

Ntchito yolondoloza zochita za aphungu imayambira pa vuto limene aliyense amalidziwa. Wovota amaonana ndi phungu wake nthawi ya kampeni, koma akangomusankha, munthuyo amapita kukagwira ntchito kumene wovotayo safikako, ndipo kwa zaka zinayi kapena zisanu amakhala akusintha misonkho, kuvomereza ngongole za dziko ndi kukhazikitsa malamulo m'dzina la anthu amene sakumuona. Pofuna kuti wotumidwayo asasowe m'maso mwa omutuma, mabungwe omwe si aboma, atolankhani ndiponso nyumba zina za malamulo zimasonkhanitsa zolembedwa zosonyeza ngati phungu amafika ku zokambirana, mbali imene amaima nkhani ikafika povota, komanso ndalama zimene zimalowa m'thumba mwake ndi kumene zachokera. Zinthu zitatuzi sizilemera mofanana. Chosavuta kuchiwerenga, chomwe ndi kufika kapena kujomba, ndi chimene chimatiuza zochepa kwambiri, ngakhale kuti ndi chomwe chimakonda kutchuka m'manyuzipepala.

Zolembedwazi sizinayambe kupezeka mwa kufuna kwa aphungu eni ake. Ku Britain, kusindikiza zimene aphungu alankhula m'nyumba ya malamulo unali mlandu, ndipo nyumbayo inagonja pambuyo pa mkangano wa mu 1771, pamene akuluakulu a mzinda wa London anateteza osindikiza nkhani amene nyumbayo inkafuna kuwamanga. Amene analemba malamulo oyendetsera dziko la United States mu 1787 anaikamo ndime yonena kuti ngati phungu mmodzi mwa asanu alionse amene alipo wapempha, mayina a ovomereza ndi a okana alembedwe m'kaundula wa nyumbayo. Chimene intaneti inabweretsa n'chakuti zolembedwa zomwe kale zinkangokhala m'mabuku akuluakulu a Hansard, momwe mumalembedwa zokambirana za m'nyumba ya malamulo, zinayamba kusanjidwa potsata dzina la phungu mmodzimmodzi. Tsamba la TheyWorkForYou ku Britain ndi la GovTrack ku United States anayamba mu 2004. Chaka chotsatira, Ory Okolloh ndi Conrad Akunga anayambitsa Mzalendo ku Kenya, ndipo ku India kunabadwa bungwe la PRS Legislative Research. Ku South Africa, bungwe la Parliamentary Monitoring Group linali litayamba kale mu 1995 kutumiza anthu oti azikhala m'misonkhano ya makomiti n'kumalemba zonse zokambidwa.

Tiyambe ndi kujomba. Mayiko ambiri ali ndi lamulo lolanga phungu wosafika pa ntchito. Ku India, phungu akajomba masiku 60 popanda chilolezo, nyumba ikhoza kulengeza kuti mpando wake ulibe munthu. Ku Kenya, malamulo oyendetsera dziko amati phungu wojomba misonkhano isanu ndi itatu m'chigawo chimodzi cha zokambirana, popanda chilolezo cholembedwa cha sipikala ndiponso popanda chifukwa chomveka, amataya mpando wake. Komabe n'zosowa kumva kuti phungu wachotsedwa pa chifukwa chimenechi, pakuti amene ayenera kupereka chilangocho ndi anzake omwe amakhala naye m'nyumbamo. Vuto lina n'lakuti kaundula amangosonyeza kuti munthu anasaina. Ku nyumba ya malamulo ya mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, phungu amalandira alawansi ya tsiku akasaina m'kaundula, ndipo atolankhani anajambulapo aphungu akusaina m'mamawa atanyamula kale zikwama zawo za paulendo. Nyumba yomweyo ili ndi lamulo lakuti phungu amene sanaponye nawo theka la mavoti otchula mayina pa tsiku lovota alandire theka lokha la alawansiyo, ngakhale atasaina, ndipo lamulo lotere limayandikira choonadi kuposa siginecha yokha.

Chiwerengero cha masiku ojomba chimathanso kunamizira munthu wosalakwa. Nduna imene ilinso phungu imakhala pa maulendo a boma, sipikala m'mayiko ambiri savota, wina amakhala m'chipatala kapena pa tchuthi cha uchembere, ndipo wina amajomba m'chipinda chachikulu chifukwa nthawi yomweyo ali mu komiti. Palinso kujomba kwadala komwe ndi uthenga wandale: aphungu a chipani cha Sinn Féin a ku Northern Ireland amasankhidwa kupita ku nyumba ya malamulo ya Britain koma sakhala pa mipando yawo, ndipo owavotera amadziwiratu zimenezi asanaponye voti. Kuika anthu onsewa pa mndandanda umodzi wa ojomba n'kusocheretsa owerenga. Kwa ine, kaundula wofunika kwambiri ndi wa makomiti, chifukwa kumeneko n'kumene bilu imawerengedwa ndime ndi ndime, kumene akuluakulu a maunduna amafunsidwa za mmene anagwiritsira ntchito ndalama, ndiponso kumene phungu amene sanawerenge zikalata amaonekera msanga.

Aphungu nawo amadziwa kuti akuwerengedwa, ndipo ena amasintha khalidwe kuti manambala awakomere. Mu 2006 nyuzipepala ya The Times inalemba kuti aphungu ena a ku Britain ankafunsa mafunso ochuluka ndi kuimirira kulankhula mawu ochepa chabe pofuna kuti aoneke olimbikira pa tsamba la TheyWorkForYou. Ku India zinafika poipa kuposa pamenepa, pakuti mu Disembala 2005 aphungu 11 anachotsedwa m'nyumba ya malamulo atajambulidwa mobisa akulandira ndalama kuti akafunse mafunso m'nyumbamo. Munthu wongowerenga kuchuluka kwa mafunso akanawayamikira aphungu amenewo.

Mavoti ndiwo phata la nkhani yonseyi, ndipo n'zodabwitsa kuti m'nyumba zambiri za malamulo ndi omwe salembedwa. M'mayiko amene anatengera dongosolo la Britain, nkhani zambiri zimagamulidwa ndi mawu: sipikala amafunsa ovomereza kuti ayankhe, kenako okana, ndipo iye amaweruza ndi khutu mbali imene yamveka kwambiri. Njirayi imafulumizitsa ntchito, ndipo pa nkhani zomwe palibe wotsutsa ilibe vuto, koma siisiya dzina la munthu aliyense m'kaundula. Phungu akhoza kufuula kuvomereza msonkho watsopano Lachinayi, Loweruka n'kukauza anthu a m'dera lake kuti iye anaukana, ndipo palibe chikalata chomutsutsa. Mu Sepitembala 2020, nyumba yachiwiri ya malamulo ya ku India inavomereza ndi mawu okha mabilu a zaulimi amene anautsa mkangano waukulu, ngakhale kuti aphungu otsutsa boma ankapempha kuti mavoti awerengedwe. Alimi anachita zionetsero kwa chaka chathunthu mpaka malamulowo anachotsedwa mu 2021, koma palibe mndandanda wosonyeza mmene phungu aliyense wa nyumba imeneyo anavotera tsiku limenelo.

Makina ovotera amachotsa chifukwa chimene ambiri amapereka, chakuti kuitana mayina kumadya nthawi. Nyumba ya aphungu ya ku United States yakhala ikuvota ndi makina kuyambira mu 1973. Makinawo amabwera ndi chinyengo chakechake. Ku Ukraine, kwa zaka zambiri aphungu ankasiyira anzawo makhadi awo, ndipo makamera ankajambula munthu mmodzi akutambasula manja kudina mabatani a pa mipando yoyandikana yomwe inalibe anthu. Gulu lolondoloza aphungu lotchedwa Chesno linkasindikiza mayina a ochita zimenezi, kenako mchitidwewu unasandutsidwa mlandu, ndipo mu 2021 nyumbayo inayamba kugwiritsa ntchito batani lofuna kuti manja onse awiri a phungu akhale pamalo pake nthawi yonse yovota.

Ngakhale mavoti atalembedwa bwino, kuwamasulira kumafuna kusamala kwakukulu. Aphungu ambiri amavota motsatira malangizo a akuluakulu osungitsa mwambo m'chipani, ndipo ku India lamulo la mu 1985 limalola kuti phungu wovota mosemphana ndi malangizo a chipani chake ataye mpando. Pamene zinthu zili chonchi, voti imatiuza za chipani kuposa za munthuyo, ndipo zofunika kuziyang'ana ndi nthawi zochepa zimene phungu anasiyana ndi anzake, kapena pamene anatuluka m'chipinda voti itayandikira kuti asalakwire chipani komanso asalakwire dera lake. Kujomba kotereku sikuoneka m'kaundula wa tsiku, chifukwa munthuyo anasaina m'mawa. Chinanso n'chakuti bilu imavoteredwa kangapo. Phungu akhoza kuvotera zosintha zonse zimene zikuifooketsa bilu, kenako n'kuivomereza pa voti yomaliza kuti adzatchedwe mmodzi mwa oikhazikitsa. Wina akhoza kukana bilu yothandiza anthu osauka chifukwa akuona kuti thandizolo n'lochepa, ndipo tsamba likangolemba kuti anakana kuthandiza osauka, lanena zoona pa voti koma lanama pa munthu. Wosonkhanitsa mavoti akasankha mavoti khumi mwa mazana ambiri kuti aimire maganizo a phungu pa nkhani inayake, wapanga kale chigamulo, ndipo chilungamo chimafuna kuti afotokoze poyera mmene anasankhira ndi kupereka mwayi woti owerenga aone mavoti onsewo paokha.

Pali anthu oganiza bwino amene amateteza voti yachinsinsi, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Mu 2017, zipani zotsutsa boma ku South Africa zinapempha kuti voti yosonyeza kusakhulupirira Pulezidenti Jacob Zuma ikhale yachinsinsi, ponena kuti aphungu a chipani cholamula sakanavota momasuka akuopa kuchotsedwa. Khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti sipikala ali ndi mphamvu zololeza zimenezi, sipikala Baleka Mbete analoleza, ndipo pa 8 Ogasiti a Zuma anapulumuka ndi mavoti 198 pamene 177 anafuna kuti achoke, zomwe zinasonyeza kuti ena a chipani chawo anawatembenukira. Chinsinsi chimene chinapulumutsa mkaidi ku Brazil ndi chomwe chinamasula aphungu ku South Africa, pakuti chimabisa phungu kwa mtsogoleri wa chipani ndi kwa wovota nthawi imodzi. Kuvota poyera nako kuli ndi zoopsa zake. Pa 25 Juni 2024, aphungu a ku Kenya anavomereza bilu ya misonkho ndi mavoti 195 kwa 106, mayina awo anafalikira pa mafoni, nyumba ya malamulo inathyoledwa, anthu anaphedwa pa zionetserozo, ndipo katundu wa aphungu ena anawonongedwa, Pulezidenti William Ruto asanalengeze tsiku lotsatira kuti sasaina biluyo. Chiwawa chotere n'cholakwa ndipo chiyenera kulangidwa, koma sindikuona kuti mankhwala ake ndi kubisa mavoti. Pa malamulo, misonkho ndi ngongole, phungu amavota m'malo mwa anthu ena, ndipo anthuwo ali ndi ufulu wodziwa chimene chachitidwa m'dzina lawo. Chinsinsi chingaloledwe pa nkhani zochepa zokhudza kusankha kapena kuchotsa munthu pa udindo, ndipo ngakhale pamenepo chifukwa chake chizinenedwa poyera.

Pa nkhani ya ndalama, choyamba ndi zimene phungu amalandira kuchokera ku misonkho: malipiro, ma alawansi ndi ndalama zomubwezera pa zimene wagula pogwira ntchito. Chitsanzo chodziwika ndi cha ku Britain. Mtolankhani Heather Brooke ndi anzake anagwiritsa ntchito lamulo la ufulu wopeza uthenga popempha malisiti a aphungu, nyumba ya malamulo inakana mpaka inagonja ku khothi mu 2008, ndipo mu Meyi 2009 nyuzipepala ya Daily Telegraph inayamba kusindikiza zikalata zonse zimene inazipeza mwa njira ina. Anthu amakumbukira phungu amene anapempha kubwezeredwa mapaundi 1,645 a kanyumba ka abakha, koma chinyengo chachikulu chinali pa nyumba zogonamo. Phungu ankaloledwa kulandira ndalama zosamalira nyumba yachiwiri, ndipo ena ankasinthasintha nyumba imene akuitcha yachiwiri kuti akonzetse nyumba zonse ziwiri ndi ndalama za boma. Nyumba ya malamulo itatulutsa zikalata zake mu Juni chaka chomwecho, maadiresi ndi zina zambiri zinali zitadetsedwa ndi inki yakuda, moti mchitidwe wosinthasinthawu sukanaoneka n'komwe. Sipikala Michael Martin anatula pansi udindo, aphungu angapo anamangidwa, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe loima palokha la IPSA loti liziyang'anira ndalamazi m'malo mwa aphungu eni ake. Ku Brazil, kumene malisiti a aphungu amaikidwa pa intaneti, gulu la akatswiri a makompyuta linapanga mu 2016 pulogalamu yotchedwa Rosie yomwe imafufuza malisiti okayikitsa, monga a mtengo wokwera modabwitsa kapena awiri a tsiku limodzi ochokera m'mizinda yotalikirana kwambiri.

Chachiwiri ndi chuma cha phungu mwini. Mapangano awiri a mu 2003 olimbana ndi katangale, la bungwe la United Nations ndi la African Union lomwe linavomerezedwa ku Maputo, amalimbikitsa kuti ogwira ntchito za boma azilengeza chuma chawo, ndipo mayiko ambiri ali ndi lamulo lotere. Kusiyana kuli pa amene amaloledwa kuona mafomuwo. Ku Kenya, lamulo la mu 2003 linachititsa kuti kwa zaka zambiri mafomu azidzazidwa n'kusungidwa mwachinsinsi. Ku Malawi, lamulo la mu 2013 linakhazikitsa ofesi yolandira mafomuwa ndipo limalola munthu kupempha kuti awaone. Ku India, khothi lalikulu linagamula mu 2002 kuti aliyense wopikisana nawo pa chisankho azilengeza chuma chake, ngongole zake, maphunziro ake ndi milandu imene akuyankha, ndipo chifukwa mafomuwa amadzazidwa pa chisankho chilichonse, aliyense akhoza kuyerekeza chuma cha phungu polowa ndi potuluka. Dziko la Ukraine linaika zonse pa intaneti mu 2016, ndipo anthu anadzidzimuka kuona andale akulengeza ndalama zankhaninkhani zosungidwa m'nyumba pamodzi ndi mawotchi a mtengo wapatali. Kaundulayu anatsekedwa nkhondo itayamba mu 2022, ndipo aphungu atafuna kuti akhalebe wotseka kwa chaka china, Pulezidenti Volodymyr Zelensky anakana kusaina biluyo mu 2023 mpaka anaisintha.

Fomu yodzazidwa ndi mwini wake imanena zokhazo zimene iye wafuna kunena. Ngati palibe ofesi yokhala ndi mphamvu, ndalama ndi antchito oti ayerekeze fomuyo ndi kaundula wa malo, wa makampani, wa magalimoto ndi wa misonkho, kulengezako kumasanduka njira yophimba anthu m'maso. Chuma chimalembetsedwa m'dzina la mkazi kapena mwamuna, la mwana, la mlamu, kapena la kampani imene mwini wake weniweni saoneka, n'chifukwa chake malamulo olimba amaphatikizapo a m'banja ndipo amafunsa za amene amapindula ndi kampaniyo. Chilango nacho chiyenera kupweteka. Ku United States, lamulo la mu 2012 limafuna kuti phungu alengeze masheya amene wagula kapena kugulitsa pasanathe masiku 45, koma chindapusa cha wochedwa nthawi zambiri chimakhala madola 200, ndalama imene munthu wogula masheya a madola zikwi mazanamazana saimva n'komwe. Tisaiwalenso kuti phungu ali ndi ana ndi banja loyenera kutetezedwa, choncho nambala ya akaunti ya ku banki kapena adiresi yeniyeni ya nyumba zikhoza kubisidwa kwa anthu wamba, malinga ofesi yofufuza ikuziona ndipo kubisako sikukukwirira chinthu chomwe chikufufuzidwacho.

Chachitatu ndi ndalama za kampeni ndi za chipani, zomwe nthawi zambiri sizilowa m'fomu ya phungu ngakhale kuti ndi zimene zimamumanga manja kwambiri. Ku South Africa, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2021 linalamula zipani pa nthawiyo kuti zizilengeza thandizo lililonse loposa marandi 100,000.

Phindu lenileni limaoneka zolembedwa zonsezi zikaikidwa pamodzi. Kudziwa kuti phungu ali ndi masheya mu kampani ya migodi si mlandu, ndipo kudziwa kuti anavotera kuchepetsa msonkho wa migodi si mlandunso. Koma zikaoneka kuti munthu yemweyo ali mu komiti yoona za migodi, kuti anafika pa misonkhano yokhayo imene inkakambirana za msonkhowo, ndiponso kuti sanauze anzake za masheya akewo asanalankhule, ndiye kuti papezeka funso loyenera kuti aliyankhe. Kuti kuyerekeza kotere kutheke, zolembedwa ziyenera kutuluka msanga, nkhani isanazizire, ndiponso zikhale zoti kompyuta ikhoza kuziwerenga ndi kuzisanja. Zithunzi za mapepala olembedwa pamanja zomwe zatulutsidwa patatha zaka ziwiri zimakwaniritsa lamulo koma sizithandiza aliyense. Mfundo zimenezi zili m'chikalata cha kumasuka kwa nyumba za malamulo chimene mabungwe olondoloza aphungu anakhazikitsa ku Rome mu 2012. Mabungwewa nawo ayenera kulengeza amene amawapatsa ndalama, kupereka mwayi kwa phungu woti ayankhe, ndi kukonza poyera pamene alakwitsa, chifukwa phungu amene wanamiziridwa kamodzi amapeza chifukwa chokanira zonse zotsatira.

Zimene wovota angachite ndi uthengawu zimadalira dongosolo la chisankho. Kumene dera lililonse limasankha phungu wake, mbiri ya munthuyo ikhoza kuwerengedwa pa wailesi kapena pa msonkhano wa kampeni iye ali pomwepo, ndipo anthu akhoza kumukana pa chisankho chotsatira. Kumene anthu amavotera chipani, ndipo chipanicho n'chimene chimasanja mndandanda wa oti akhale aphungu, wovota sangachotse munthu mmodzi popanda kukana chipani chonse. Kumeneko zolembedwazi zimagwira ntchito kwambiri zikafika kwa mamembala a chipani ndi kwa atolankhani nthawi yosanja mndandandawo isanakwane, pamene dzina la phungu wojomba kapena wobisa chuma likhoza kutsitsidwa kapena kuchotsedwa.